Duwa la a Zuze m'chidebe cha penti

Lachiwiri lapitali ndinafika mochedwa kuntchito ku Makata, ndipo chifukwa chake sindinawauze abwana. Akanandiseka. Sikuti minibasi inavuta, ayi. Ndinali nditagwada pakhonde la nyumba yomwe timachita lendi kuno ku Chilomoni, thalauza langa la kuntchito lili mbuu ndi fumbi, ndikuwerenga timphukira pa kamtengo ka m'chidebe cha penti.

Tinalipo tisanu ndi tiwiri, tofiirira, tosafika n'komwe pa chikhadabo.

Mkazi wanga anatulukira pakhomo tsache lili m'manja. "Abambo a Tadala, mukupemphera kapena mwataya kiyi?"

"Tabwerani mudzaone," ndinatero. "Laphuka."

Anasuzumira, n'kuwongoka. "Eya, laphukadi. Nanga amayi munawakalipira aja muwauza chiyani?"

Funso limeneli ndi lomwe landikhazika pansi sabata ino. Koma ndiyambe ndakuuzani za duwalo, mungayese kuti mutu wayamba kundizungulira.

Ndi duwa la rozi, lachikasu. Osati lalitali lija lotulutsa duwa limodzi kunsonga. Ili ndi lalifupi, limangofika pabondo, koma likati lichite maluwa limachita mwaunyinji, asanu kapena kuposa pa nthambi imodzi, ndipo chikasu chake ndi cha dzira la nkhuku yachikuda. Mwini wake amalitchula kuti fulolibanda. Ine dzinalo linanditengera mwezi wathunthu kuti likhale pa lilime.

Mwini wakeyo ndi a Zuze, madala a ku Nsanje omwe tinakhala nawo moyandikana zaka zisanu ndi zitatu. Anabwera m'tauni kudzafuna ntchito ali ndi tsitsi lakuda, ndipo moyo wawo wonse akhala akusamalira maluwa kumayadi. Mabwana ankasinthana, ena kubwerera kwawo, ena kumwalira, a Zuze ali pomwepo ndi sizasi yawo yodulira maluwa m'thumba la ovolosi. Atapuma ntchito chaka chatha anaganiza zobwerera kumudzi. Katundu yense anakwera lole. Chidebe chokhachi anachinyamula m'manja n'kudzachitula pakhonde panga.

"Aneba," anatero, "ili ndinalitenga lili kanthambi pa yadi yoyamba yomwe ndinagwirapo ntchito. Ndasamuka nalo kasanu ndi kamodzi m'nyumba za lendi. Ku Nsanje silingapirire, dzuwa la kwathu mukulidziwa. Mundisungire."

Ndinati, "Madala, ine ndimadziwa chimanga ndi mpiru basi."

"Muphunzira. Koma musandiphere."

Mawu akuti musandipherewo ndi amene anandisandutsa mlonda.

Mwezi woyamba womwewo ndinatsala pang'ono kulipha ndi chikondi. Ndinali ndi feteleza wobereketsa wotsala ku kamunda kathu ka chimanga ka m'mbali mwa phiri. Ndinati chimanga chimasangalala naye, nanga duwa lingakane? Ndinatapa dzanja lodzaza n'kuthira patsinde penipeni. Patatha masiku atatu masamba anapsa m'mbali monse. Ndinawaimbira foni a Zuze, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Aneba, mwaliyesa chimanga? Thirani madzi ambiri mpaka azituluka pansi, achapemo mchere umenewo. Ndipo thumba la fetelezalo mukalibise kutali."

Linapulumuka. Kuyambira pamenepo ndinkamvera chilichonse chomwe anandiuza. Chidebe chikhale ndi zibowo pansi kuti madzi asadikhe. Chizikhala pomwe dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka masana, choncho ndinachichotsa pamthunzi wa mpapaya. Madzi ndizithira patsinde, osati pamasamba, chifukwa masamba akakhalitsa onyowa amachita mawanga akuda n'kuyoyoka, makamaka chiperoni chikagwa. Manyowa a nkhuku, inde, koma owola bwino, osati a dzulo. Madzi akasiya kutuluka pampopi, monga amachitira kuno, limamwa otsukira mpunga, koma ochapira zovala ayi. Nsabwe zobiriwira zikaunjikana kunsonga ndinkazifinya ndi chala, ine bambo wa ana atatu.

Langizo limodzi lokha ndi lomwe ndinalikana. A Zuze anati maluwa akayamba kufota ndizidula, ndipo ngakhale asanafote ndizidulako ena n'kupatsa anthu. Ine ndinati zimenezo ndiye ayi. Munthu wakuuza kuti usandiphere, iwe n'kumaliyendetsa mpeni? Ndinkawasiya mpaka aume okha pamtengo, ine n'kumati ndikusamala.

Ndinazinga chidebecho ndi waya wa khola la nkhuku. Palibe ankaloledwa kukhudza. Amayi a Tadala ankauza anzawo kuti ndakwatira mkazi wachiwiri ndipo amagona pakhonde.

Panali mayi wina yemwe ankadutsa pakhomo pathu m'mawa uliwonse, mayi Alufandika, msuweni wa a Zuze, ogulitsa zitumbuwa pa siteji ya minibasi. Ankatula beseni lawo pamwala n'kuima kaye kuliyang'ana duwalo. Tsiku lina m'mwezi wa Meyi anandipeza ndikuthirira.

"Achimwene, tandithyolerenikoni limodzi lokha, ndikaike m'botolo patebulo. M'nyumba mwanga mulibe choti maso apumirepo."

Ndinayankha kuti, "Dikirani achuluke kaye, mayi."

Anali atachuluka kale. Ndinkawawerenga ine, analipo oposa makumi awiri. Mayiwo anangoseka, n'kusenza beseni lawo. Sanapemphenso.

Masabata atatu apitawo, pochokera kuntchito, ndinapeza masamba ataikidwa pamsewu wolowera kwathu, kusonyeza kuti m'dera muli maliro. Mayi Alufandika anali atatisiya atangodwala masiku ochepa. Ana awo onse ali m'tauni muno, choncho anagwirizana zoika konkuno.

Tsiku loika linali Loweruka. Ndinalawirira pasiwa kukakhala ndi azibambo anzanga, kenako ndinabwerera kunyumba kudzatenga jekete chifukwa kunkazizira. Nditafika pakhonde ndinauma. Waya anali atachotsedwa. Chidebe chinalipo, kamtengo kanalipo, koma duwa ndi limodzi lomwe panalibe, ngakhale osatseguka aja.

Mukudziwa mmene timachitira. Tsiku la maliro amayi amagawana ntchito. Ena kumoto, ena kotunga madzi, ena amayenda khomo ndi khomo kuthyola maluwa olukira nkhata. Sapempha kwenikweni, amangodziwitsa. Ndani angakanize maluwa a maliro? Wayayo anawachotsera ndi mkazi wanga.

Ine mtima unakwera. Ndinalunjika kuseri kwa nyumba ya siwa, komwe amayi a mphakati wa kutchalitchi kwa malemuwo anakhala pamkeka n'kumaluka nkhata pa makatoni odula mozungulira. Maluwa achikasu aja anali pakati pa ofiira a m'mipanda. Ndinayankhula zomwe ndikuchita nazo manyazi kuzilemba pano. Ndinati kumeneko ndi kuba. Ndinati mwandiphera duwa la eni ake. Ndinati bwanji simubzala anu. Pamaliro, abale anga! Bambo wamkulu wa imvi zake, kukalipa chifukwa cha maluwa, anamfedwa akulira m'nyumba.

Mayi Kamwendo, wapampando wa amayiwo, sanakweze mawu. Ananyamula nkhata ija n'kunditambasulira.

"Pepani bambo. Tikubwezereni?"

Nanga ndikanailandira? Ndinatembenuka kuti ndizipita, ndipo maso anga anakumana ndi a Zuze. Anali atafika m'mawa womwewo kuchokera ku Nsanje kudzaika msuweni wawo, ndipo anamva zonse.

Kumanda ndinaona mwana wamkazi wa malemuwo akuika nkhata ija pamtumbira, ndipo mawu anga a mu Meyi anandibwerera. Ndinalira, ndikuuzeni zoona, ndipo sikunali kulira maliro kokha. Munthu ndinamumana duwa limodzi ali moyo, anadzalandira onse atagona pansi pa dothi.

Mawa lake titachoka kutchalitchi, a Zuze anafika pakhomo. Ndinali nditakonzeka kupepesa kuti ndalephera kuwasungira. Anazungulira chidebecho kawiri akupukusa mutu.

"Aneba, mwalizunza duwali."

"Si ine madala, ndi amayi aja. Ena anathyola ndi manja, ena ndi mpeni wa kukhitchini."

"Amayi aja alithandiza. Wolizunza ndinu. Taonani nthambi izi, zina zouma, zina zopingasana. Chaka chonse simunadulepo?"

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa sizasi ija. Munthu kubwera ku maliro ndi sizasi ya maluwa m'thumba! Ndinkayesa akonza pomwe panathyoka molakwika. Aa, anayamba kudula zenizeni. Nthambi iyi pansi, iyo pansi. Kamtengo kofika pabondo kanatsala timitengo tisanu totalika ngati chikhatho ndi theka.

"Madala, mukulimaliza!"

"Khalani chete muone. Ino ndi Julaye, nthawi yozizira, ndiyo nthawi yake yodula. Mukukaona kadiso aka pa nthambi? Muzidula pamwamba pake pang'ono, mopendeketsa kuti madzi asakhalepo. Muzisankha kadiso koyang'ana kunja, kuti nthambi yatsopano isalowe m'kati, pakati pazidutsa mphepo. Duwa ili mukalisiyira maluwa ofota limayesa kuti ntchito yatha, limayamba kupanga mbewu. Mukadula, limayambiranso."

Kenako anatola nthambi zodulidwazo, n'kusankha zonenepa ngati pensulo. Anazidula zidutswa za madiso anayi anayi. Anapempha amayi a Tadala kuti asonkhanitse zitini ndi mabotolo apulasitiki, ndipo zinapezeka zitini zisanu ndi zinayi. Anaboola pansi ndi msomali, n'kuthiramo dothi lakuda losakaniza ndi mchenga. Kanthambi kalikonse anakazika madiso awiri pansi, awiri pamwamba, n'kuvindikira ndi botolo lodulidwa kumunsi. Zonse anazindandalika pamthunzi kuseri kwa nyumba.

"Izi mukawapatse amayi munawakalipira aja," anatero akupukuta sizasi. "Sizigwira zonse, mwina theka. Zikagwira, amene ali m'nyumba ya lendi asamutsire m'chidebe. Amene ali ndi malo ake akumbe dzenje lofika pabondo, athiremo manyowa, ndipo akabzala awiri asiye sitepe imodzi yaikulu pakati. Ine pamene ndinkati musandiphere, sindinkanena kuti mulitsekere m'ndende. Chidebe chimodzi, mbuzi ingathe kuchimaliza tsiku limodzi. Likakhala m'makomo khumi, ndiye kuti mwandisungira."

Lolemba anakwera basi kubwerera ku Nsanje.

Tsopano tiyeni tikambirane, inu ndi ine. Mu ukali wanga wopusa uja munali funso limodzi lomwe linali loona, kungoti ndinalifunsa pamalo olakwika komanso ndi pakamwa ponyansa. Bwanji sitibzala?

Tayendani mu Ndirande, mu Bangwe, mu Zingwangwa. Pabwalo pamasesedwa m'mawa uliwonse mpaka dothi kuwala. Ukhondo tili nawo, palibe angatitsutse. Koma mutha kudutsa makomo makumi awiri osaona duwa. Mukafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Ndi nyumba ya eni ake iyi, ndidzabzala ndikadzamanga yanga."

Ine mawu amenewo ndawanena zaka makumi awiri. Poloti yanga ya ku Machinjiri idakali ndi maziko okha, udzu ukumera m'zipinda. Ana anga abadwira m'nyumba za lendi, akulira momwemo, Tadala chaka chino akulemba Fomu 4. Moyo womwe timati tidzauyamba tikadzamanga uja, si womwewu ukudutsawu? A Zuze sanamangepo nyumba m'tauni muno, koma sanakhalepo pakhomo popanda duwa. Alandilodi angakuletseni kukumba pabwalo pawo, chabwino. Kodi alipo amene anakanizapo munthu kuika chidebe pakhonde?

Yankho lina ndi lija timalinena monyada: "Maluwa sadyedwa." Zoona, sadyedwa, ndipo mpiru tisasiye kubzala. Koma nanga nyimbo za pa wayilesi mumadya? Chitenje chatsopano chimadyedwa? Mpira womwe timakangana nawo m'minibasi Lolemba lililonse unakhutitsapo ndani? Chodabwitsa n'chakuti tsiku la maliro, kapena tsiku lokongoletsa tchalitchi pa ukwati, tonse timalidziwa khomo lomwe lili ndi maluwa. Ndi khomo la yemwe uja tinkamuseka kuti akudziyesa wa kumayadi. Maluwa timawafuna ndithu, kungoti timafuna abzale wina.

Ndipo ife ochepa obzalafe tisadziyese oyera. Timazinga waya, timawerenga, timayang'ana moipa aliyense woima pafupi. Mapeto ake maluwa m'makwalala mwathu muno amayenda ulendo umodzi wokha, wa kumanda. Tandiuzani, ndi liti munapatsapo munthu wamoyo duwa? Amayi anu okubalani? Akunyumba kwanu? Ine ndinali nawo oposa makumi awiri, ndipo ngakhale amayi a Tadala sindinawathyolerepo limodzi.

Zitini zija, ndiulule, zinakhala kuseri kwa nyumba masabata awiri. Ndinkazithirira, koma kuzinyamula kupita nazo kwa amayi aja miyendo inkakana. Manyazi. Ndinkazungulira njira yaitali popita ku siteji kuopa kudutsa pakhomo pa mayi Kamwendo.

Ndiye Lachiwiri lija, nditawerenga timphukira tanga, ndinawaimbira a Zuze ndili m'minibasi.

"Madala, laphuka! Tisanu ndi tiwiri!"

"Ndinakuuzani. Nanga zitini zija munapereka?"

Ndinanamizira netiweki.

Madzulo ake nditaweruka ndinabwereka beseni la amayi a Tadala n'kuikamo zitini. Ziwiri zinali zitada kale, zotsala zisanu ndi ziwiri zinali zobiriwira. Ndinayambira kwa mayi Kamwendo. Ndinawapeza akuanula zovala.

"Ee, bambo, mwabwera kudzatenga nkhata yanu?"

Ndinatula beseni, n'kuvula chipewa. Ndinati ndinalakwa, ndinawanyoza pamaso pa anthu, ndipo ndilibe chodzikanira. Anandiyang'ana, n'kuseka.

"Ifenso tinathyola mopanda chisoni, tinatenga ndi osatseguka omwe. Tabweretsani kuno." Anasankha chitini, n'kuchiyang'ana kudzera m'botolo. "Ndiye likadzachita maluwa tizidzayamba tapempha chilolezo kwa inu?"

"Ayi mayi. Muzidzadula. Limakonda kudulidwa."

Nyumba ndi yawo, choncho anandionetsa pomwe adzakumbe dzenje, pafupi ndi windo la kuchipinda. Amayi ena asanu analandira zawo, wina akundiseka, wina akufunsa ngati angathire feteleza wa chimanga. Ameneyo ndinamulangiza ngati katswiri, osamuuza kuti ndinadziwa bwanji.

Chitini chomaliza ndinapita nacho kunyumba ya malemu mayi Alufandika. Mwana wawo wamkazi uja ndi amene watenga beseni la zitumbuwa, ndinamupeza akulitsuka. Ndinamufotokozera kuti achiike pamthunzi, asachotse botolo mpaka masamba atsopano atuluke. Analandira ndi manja awiri.

"Ndi duwa lachikasu lija? Amayi ankalinena kawirikawiri," anatero. "Ankati abambo aja anandilonjeza, akungodikira kuti achuluke. Mpaka anatsuka botolo, lilipo patebulo."

Ine ndinkayesa kuti anamva kuti ndawakaniza. Iwo anandikhulupirira.

Waya uja ndamubwezera ku khola la nkhuku. Chidebe ndachisunthira kumapeto kwa khonde, mbali ya kumsewu, pomwe wodutsa angachione osasuzumira. A Zuze akuti kukayamba kutentha, cha mu Seputembala, lidzachita maluwa ochuluka kuposa a chaka chatha. Ndawauza kale amayi a Tadala kuti loyamba kutseguka si lawo, iwo adzalandira lachiwiri. Loyambalo lili ndi botolo lomwe likulidikira patebulo.

Chidebe chakale cha penti, chobooka kale, chilipo pafupifupi pakhomo lililonse. Kanthambi, mukafika ku Chilomoni mu Julaye wamawa, mudzafunse bambo uja anakalipa pamaliro, akulozerani. Inu mukudikira kuti chichuluke chiyani kaye?